Kulipira katundu woitanitsa pa positi: ndalama mu envelopu kapena money order?

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo ndimakhala kumudzi, mtunda wa makilomita 17 kuchokera pa boma lathu. Kuno kulibe sitolo ya mabuku, kotero kwa zaka zambiri mabuku amene ndimaphunzitsira ana a m'mudzi muno okonzekera mayeso a MSCE ndakhala ndikuwaitanitsa ku sitolo ina ya ku Blantyre, ndipo amandipeza pa positi. Kugula kotere kuli ndi vuto limene munthu wogula pa kauntala sakumana nalo, chifukwa wogula ayenera kulipira munthu amene sakumuona, ndipo wogulitsanso ayenera kutumiza katundu kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Njira ziwiri zimene ndazigwiritsa ntchito nthawi yaitali ndizo kuika ndalama zenizeni mu envelopu pamodzi ndi kalata yoitanitsira katundu, ndi kugula money order pa positi ofesi, ndilo pepala lolamula kuti positi ipereke ndalama kwa munthu wotchulidwa dzina. Ndikulemba zimene ndaona pa njira ziwirizi chifukwa ndikudziwa kuti kumidzi kudakali anthu amene amapinda ndalama m'kalata, ndipo ena mwa iwo ndi anzanga amene timapemphera nawo limodzi.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti njira ya envelopu ili ndi zokoma zake, ndipo amene amaitsata si anthu opanda nzeru. Palibe chimene munthu amalipira kupatula sitampa, palibe fomu yodzaza, palibe chiphaso chimene amafunsidwa, ndipo kalata angathe kuilemba usiku kunyumba kwake n'kuipatsa aliyense amene akupita pa boma m'mawa mwake. Wogulitsa nayenso akatsegula envelopu amapeza ndalama yoti aigwiritse ntchito tsiku lomwelo, osapita kukafola pamzere kwina kulikonse. Ine ndidatumiza chotere kasanu ndi kamodzi popanda chovuta. Ndinkapinda ndalamazo mkati mwa pepala la kaboni, monga ankachitira aphunzitsi anzanga a nthawi imeneyo, kuti munthu akaloza envelopu ku dzuwa asaone zimene zili mkati, kenaka ndinkamata m'mphepete monse ndi selotepi. Mabuku ankabwera, ndipo ulendo uliwonse umene zayenda bwino unkandilimbitsa mtima kuti anthu ochenjeza aja amangokulitsa nkhani.

Mu Okutobala 2017 ndidaitanitsa mabuku atatu a masamu ndi limodzi la sayansi, onse pamodzi ndi ndalama yotumizira adakwana K14,000. Ndidaika mapepala asanu ndi awiri a K2,000, aja okhala ndi nkhope ya John Chilembwe amene adatuluka kumapeto kwa 2016, ndipo ndidakondwera kuti envelopu siidafufume monga inkachitira nthawi imene pepala lalikulu lidali la K1,000. Kalatayo ndidapatsa mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene ndidamulera ndekha, kuti akaiponye popita kukagula feteleza. Patatha masabata atatu phukusi lisanabwere, ndidaimba foni ku sitolo kuja, ndipo mayi amene amalandira makalata a ogula adandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, kalata yanu ndaiona, ili patebulo panga pano, koma mudali kalata yokha, ndalama mudalibe." Ndidawauza kuti ndidaikamo ndi manja anga, nditawerenga kawiri. Iwo adati, "Sindikukana kuti mudaikamo, bambo, koma ineyo ndilembe chiyani m'buku la sitolo?"

Funso lawolo ndilo lidanditsegula maso, chifukwa ndidalibe yankho. Ndidalibe pepala lililonse losonyeza kuti ndalama idachoka m'manja mwanga, ndipo iwo adalibe chilichonse chosonyeza kuti idafika m'manja mwawo. Envelopuyo idadutsa m'manja ambiri pakati pa khonde langa ndi tebulo lawo, ndipo sindiloza chala munthu aliyense, popeza kuloza popanda umboni ndi kulakwira munthu. Koma mtima wa munthu sukhala chete ngakhale pakamwa patseke. Ndidafunsa mnyamata uja, ndipo adandiyankha maso ali pansi kuti, "Amalume, ine ndidaponya momwe mudandipatsira muja." Apa khoswe adakhala pa mkhate. Sindidamunene kuti waba, komabe kwa miyezi ingapo ndidaleka kumutuma, ndipo iye adazindikira chifukwa chake ngakhale kuti sitidakambiranenso. Mayi a ku sitolo aja, amene tidagulana malonda mwamtendere zaka zambiri, nawonso ndidayamba kuwaganizira zoipa, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso adadzifunsa ngati sindidatumize dala envelopu yopanda kanthu. K14,000 idandipweteka, pakuti penshoni ya mphunzitsi ndi yochepa, koma chimene chidandisowetsa tulo kwambiri chidali kukayikira anthu awiri amene mwina onse adali osalakwa.

Vuto la ndalama zenizeni ndi lakuti sizilembedwa dzina la mwini wake. Pepala la K2,000 ndi la amene waligwira, ndipo likachoka mu envelopu n'kulowa m'thumba la munthu wina palibe chimene chimasintha pa nkhope yake. Ndi chifukwa chake malamulo a bungwe la Universal Postal Union, limene lidakhazikitsidwa ku Bern mu 1874 ndipo limagwirizanitsa ntchito za positi za maiko pafupifupi onse, amaletsa kuika makobidi ndi ndalama zamapepala m'kalata wamba yopita kunja, ndipo amangolola kutero pa kalata ya rejisitala kapena ya inshuwalansi ngati malamulo a maiko onse awiri akuvomereza. Ena amaganiza kuti kalata ya rejisitala imathetsa vuto lonse, koma siithetsa. Lisiti la rejisitala limatsimikiza kuti envelopu idalandiridwa pa kauntala ndiponso kuti wina adaisainira itafika, koma silinena chimene chidali mkati mwake. Wolandira akanena kuti adapeza kalata yokha, mwini ndalama amabwerera pa funso lomwe lija la mayi a ku sitolo.

Money order idapangidwa kuti ithetse vuto lenileni limeneli, ndipo si chinthu cha dzulo. Ku Britain idayamba mu 1792 ngati malonda a makalaliki atatu a positi, ndipo positi ya boma idaitenga ntchitoyo mu 1838, kenaka mu 1881 idayambitsanso postal order, imene idali yotsika mtengo ndi yoyenera ndalama zing'onozing'ono. Ku United States money order ya positi idayamba mu 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, pamene asilikali ndi mabanja awo ankatumizirana ndalama m'makalata ndipo zambiri zinkasowa panjira. Maiko adagwirizananso za money order yodutsa malire pa msonkhano wa ku Paris mu 1878. Kuno kwathu ntchito ya positi idakhazikitsidwa mu 1891, m'nthawi ya Harry Johnston, makalata akunyamulidwa ndi anthu oyenda pansi, ndipo amene amadutsa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba angaone ku Namaka kanyumba kamene anthu onyamula makalatawo ankapumirako, kamene tsopano ndi malo osungirako mbiri ya positi otchedwa Mtengatenga.

Ine ndidayenera kudziwa zonsezi kale, chifukwa ndidakula nazo. Bambo anga adapita kukagwira ntchito ku Halale paselefu, ndiko kuti paokha, osadzera kwa a Mthandizi amene ankalemba anthu ntchito za kumeneko, ndipo chimene chinkatilipirira sukulu chidali kapepala kamene kankabwera m'kalata pa keyala ya mishoni. Mayi anga, amene sadapite ku sukulu, ankakamanga pa nsonga ya chitenje n'kuyenda nako wapansi kupita ku positi ofesi, kumene ankadinda chala n'kulandira ndalama, poyamba mapaundi ndi masheleni, ndipo kuyambira mu 1971 makwacha. Amuna ena a m'mudzi mwathu ankapatsira ndalama anzawo obwerera kumudzi, ndipo milandu ya ndalama zoterezi inkafika mpaka pabwalo la mfumu, wina akuti ndidakupatsira mapaundi asanu, wina akuti adali atatu. Kunyumba kwathu mlandu wotero sudalowepo. Ndidadzaiwala phunziro limeneli chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama yochepa ya komishoni ndi ulendo wa pa boma.

Patatha mwezi ndalama za mu envelopu zija zitasowa, ndidapita ndekha ku positi ofesi. Ntchito za positi m'dziko muno zili m'manja mwa Malawi Posts Corporation, imene idayamba kuima payokha mu 2000 pamene ntchito za makalata zidalekanitsidwa ndi za matelefoni, ndipo bungwe la MACRA ndilo limayang'anira gawo lonseli. Kalaliki amene ndidamupeza adali wophunzira wanga wakale, ndipo nditamufotokozera zimene zidandichitikira adangoti, "Aphunzitsi, mukadabwera kuno poyamba," n'kundipatsa fomu. Pa fomupo munthu amalemba dzina lake ndi keyala yake, dzina la woti alandire, malo amene akalandirire, ndi kuchuluka kwa ndalama. Akapereka ndalamayo pamodzi ndi komishoni, kalaliki amawerenga pamaso pake, amadinda chidindo chosonyeza tsiku ndi dzina la positi ofesi, ndipo amamupatsa lisiti lokhala ndi nambala. Ndalama yeniyeniyo siiyenda ulendo uliwonse, imatsala m'kabati ya ofesi yomweyo. Chimene chimayenda ndi lamulo lakuti ofesi ina ipereke ndalama yofanana nayo kwa munthu wotchulidwa dzina, ndipo munthuyo sapatsidwa asanasonyeze chiphaso ndi kusaina. Wakuba akatsegula envelopu yotere amapeza pepala lolembedwa dzina la munthu wina, limene kwa iye lilibe phindu.

Ntchito yonseyo idanditengera nthawi yosakwana theka la ola, ndipo ndidatuluka ndili ndi chinthu chimene sindidakhalepo nacho pa maulendo asanu ndi awiri aja, ndicho mboni yachitatu imene si mbale wanga ndiponso si wantchito wa sitolo. Pa kalata yoitanitsira mabuku ndidalemba nambala ya money order, tsiku, ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo ndidasunga kope la kalatayo pamodzi ndi lisiti. Chizolowezi chimenechi ndikuchilimbikitsa kwambiri, chifukwa chimamanga malipiro ndi katundu pamodzi, kotero kuti aliyense wowerenga kalatayo amadziwa kuti ndalama yakutiyakuti ndi ya mabuku akutiakuti. Positi idayambitsanso njira ya Fast Cash, imene imatumiza uthenga wa ndalama pa kompyuta m'malo mwa pepala loyenda m'thumba la makalata, ndipo mfundo yake ndi yomweyo, kungoti wolandira sadikira masiku. Amene akupita koyamba afunse pa kauntala mtundu umene ofesi yawo ikupereka, ndipo asanatero afunsenso wogulitsa ngati amaulandira ndiponso dzina lenileni loti lilembedwe.

Phindu la lisiti lidaoneka mu 2019. Ndidaitanitsa mabuku a Chichewa ndi a mbiri, ndipo patapita mwezi mnyamata wina amene adangoyamba kumene ntchito ku sitolo kuja adandiuza pa foni kuti dzina langa silikuoneka pa mndandanda wa amene alipira. Mtima wanga udagunda monga udagundira zaka ziwiri m'mbuyomo, koma ulendo uno ndidatsegula chitini chimene ndimasungiramo mapepala, ndipo ndidamuwerengera nambala, tsiku la pa chidindo ndi ndalama yake. Adandipempha kuti ndimupatse nthawi, ndipo madzulo a tsiku lomwelo adandiimbira n'kupepesa kuti ndalamayo idalandiridwa kale koma idalembedwa pa tsamba la wogula wina wa dzina lofanana ndi langa. Mabuku adafika sabata yotsatira. Palibe amene adakwezera mnzake mawu, palibe amene adakayikiridwa, ndipo cholakwa chidakonzedwa monga cholakwa wamba cha mu ofesi. Chikhala kuti zidali ndalama za mu envelopu, nkhani yomweyo ikadakhala mlandu wa kuba. Ndipo ngakhale pepala lenilenilo litasowa panjira, nambala ya pa lisiti ndiyo imathandiza a positi kufufuza ngati ndalama idaperekedwa, ndi kwa yani, ndipo ngati siidaperekedwe mwini wake ali ndi poyambira kuti aipezenso.

Walira mvula walira matope, ndipo money order ili ndi matope ake amene sindifuna kuwabisa. Choyamba ndi mtengo. Komishoni payokha si yoopsa, koma kwa ine wa kumudzi mtengo weniweni ndi kabaza wopita ndi wobwerera, kuonjezapo theka la tsiku limene ndikadalima kapena kuphunzitsa. Pa katundu wa ndalama zambiri zimenezi sizioneka, koma munthu amene akuitanitsa kabuku kamodzi kapena paketi imodzi ya mbewu za ndiwo zamasamba angapeze kuti ulendo wokalipira wadya pafupifupi theka la mtengo wa chinthucho. Njira imene ndidapeza ndi kusonkhanitsa zofuna za anthu angapo, monga aphunzitsi a pa sukulu yoyandikana nafe ndi makolo a ana amene ndimaphunzitsa, n'kuitanitsa kamodzi pa teremu ndi money order imodzi. Positi ofesi ilinso ndi nthawi yake yotsegulira ndi yotsekera, ndipo masiku a kumapeto kwa mwezi anthu amachuluka, choncho ndi bwino kupita m'mawa pakati pa sabata.

Nkhani ya dzina ndi yofunika kuisamala kuposa mmene anthu amaganizira. Chitetezo chonse cha money order chagona pa dzina, kotero dzina likalakwika chitetezo chomwecho chimasanduka mpanda wotsekera mwini wake kunja. Kuyambira pamene boma lidalembetsa nzika ndi kupereka ziphaso za unzika mu 2017, dzina la pa chiphaso ndilo limagwira ntchito pa kauntala, osati dzina la kumudzi kapena la mfunda limene munthu amadziwika nalo. Mnzanga wina adalemba dzina limene mlamu wake amatchedwa kunyumba, ndipo adayenera kubwereranso ku positi kukakonza, popeza chiphaso cha mlamuyo chidali ndi dzina lina. Kalaliki amene adakana kupereka ndalamayo adachita bwino, chifukwa akadapereka ndiye kuti akadaperekanso kwa wina aliyense. Pogula ku sitolo ndimalemba dzina la sitoloyo monga lilili pa malisiti ake, osati dzina la wantchito amene ndimalankhula naye pa foni, ndipo wogulitsa akaumirira kuti ndilembe dzina la munthu m'malo mwa la sitolo ndimafunsa chifukwa chake ndisanalipire.

Chinthu china chimene chakula masiku ano ndi kuchedwa. Kale mtengo wa buku unkakhala womwewo chaka chathunthu, ndipo masiku khumi a kalata panjira sadali nkhani. Koma mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, ndipo mitengo ya zinthu zochokera kunja, kuphatikizapo mabuku ndi mapepala, idasintha m'masiku ochepa. Money order imalembedwa ndalama yokhazikika, choncho ikafika mtengo utakwera wogula amayenera kutumizanso yoonjezera, ndi komishoni yachiwiri ndi kabaza wachiwiri. Vutoli limagweranso ndalama za mu envelopu chimodzimodzi, koma ndalitchula pano kuti munthu asaganize kuti chidindo cha positi chimamangirira mtengo. Tsopano ndimaimba foni m'mawa wa tsiku lolipira, ndimapempha kuti andisungire mabukuwo pa mtengo umene tagwirizana, ndipo ndikangotuluka mu positi ofesi ndimawatumizira nambala ya lisiti pa uthenga wa pa foni kuti adziwe kuti ndalama yaperekedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene money order siichita, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Imatsimikiza kuti munthu walipira, koma siitsimikiza kuti katundu abwera kapena kuti akhala wabwino. Munthu wachinyengo amene ali ndi chiphaso angathe kulandira ndalama mwadongosolo n'kusatumiza kanthu. Kusiyana kwake ndi kwakuti amasiya dzina ndi siginecha, ndipo wobedwayo amakhala ndi chonyamula popita ku polisi kapena ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene limamva madandaulo a ogula. Komabe kutsata mlandu kuchokera kumudzi ndi ntchito yaikulu, kotero kudziwa amene ukugula kwa iye kumayamba, njira yolipirira n'kubwera pambuyo. Ine sinditumiza ndalama mwanjira iliyonse kwa munthu amene ndangoona malonda ake pa Facebook popanda wina wodziwika amene adagulapo kwa iye. Wogulitsa nayenso ali ndi chosamala chake, chifukwa pepala la mtengo wapatali limakopa anthu olipanga mwachinyengo. Ku United States, kumene money order imodzi ya positi siipitirira madola 1,000, pepalalo lili ndi chithunzi chobisika chimene chimaoneka munthu akaliloza ku kuwala, ndipo cholinga chake ndi chomwecho. Nzeru ya wogulitsa ndi kutumiza katundu ndalama italandiridwa pa kauntala, osati pepala litangofika.

Ndikudziwa kuti owerenga achinyamata akudzifunsa chifukwa chimene ndikuvutikira ndi mapepala pamene foni ili m'thumba. Funsolo ndi loyenera. Airtel Money idayamba kuno mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013, ndipo lero ejenti amapezeka pa msika uliwonse, ngakhale pa msika wathu waung'onowu. Pa liwiro ndi pa kufupika kwa ulendo, foni yapambana kutali, ndipo inenso ndimaigwiritsa ntchito pa zinthu zing'onozing'ono. Ilinso ndi umboni wake, popeza malipiro aliwonse amakhala ndi nambala yake. Ngati sitolo ili ndi nambala ya bizinesi imene imaonetsa dzina la sitoloyo munthu asanatsimikize kutumiza, ndiye kuti njirayo ikuchita ntchito yomwe money order imachita, ndipo ndilibe chifukwa choiletsera. Chimene ndimaopa ndi kutumiza ku nambala ya munthu wamba amene akuti ndi wantchito wa sitolo, chifukwa mawa sitolo ingathe kunena kuti nambalayo siidziwa. Ndimaopanso zala zanga ndi maso anga amene akalamba, pakuti kulakwitsa nambala imodzi kumatumiza ndalama kwa mlendo, pamene pa kauntala kalaliki amandiwerengera zimene ndalemba ndisanapereke ndalama. Uthenga wa pa foni umafufutikanso foni ikadzaza, ikaonongeka kapena ikabedwa, ndipo anthu ochepa okha ndiwo amakopera nambala ya malipiro m'kope. Amene amalipira pa foni ndikuwapempha kuti azikopera nambalayo pa pepala ndi kuilembanso pa kalata yoitanitsira katundu, monga mmene ndimachitira ndi money order.

Za kugula kunja kwa dziko ndinena mwachidule. Kutulutsa ndalama m'dziko muno kuli ndi malamulo ake amene amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, choncho munthu wobisa madola kapena marandi m'kalata yopita ku Johannesburg kapena ku London akudziika pa ngozi ziwiri, ya kuberedwa ndi ya kuphwanya lamulo, ndipo zikasowa sangathe ngakhale kudandaula poyera. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Britain ndiye amandigulira zochepa zimene ndimafuna kumeneko. Adandiuza kuti postal order ikugulitsidwabe m'mapositi ofesi a kumeneko, imodzi mpaka mapaundi 250, ndipo munthu akaijambula mizere iwiri imangolandiridwa kudzera ku akaunti ya ku banki. Dziko limene pafupifupi aliyense ali ndi khadi la ku banki lasungabe kapepala kameneka chifukwa kudakali anthu ofuna kulipira pa positi popanda kuika ndalama zenizeni m'kalata.

Chiweruzo changa pa njira ziwiri zimene ndidayamba nazo sichili pakatikati. Money order ndi yochedwa, imafuna ulendo ndi komishoni, ndipo pa katundu wotsika mtengo foni imaiposa, koma pa maulendo onse amene ndaigwiritsa ntchito kuyambira mu 2017 sindidatayepo tambala, ndipo pa katundu wa ndalama zambiri, makamaka pamene ndanyamula ndalama za anthu ena amene adzandifunsa, ndiyo imene ndimasankha. Ndalama za mu envelopu ndidazileka, ndipo kubwera kwa pepala la K5,000 mu 2022, limene limachititsa kuti ndalama zambiri zikwane mu envelopu yopyapyala, kwangokulitsa chiyeso popanda kuchepetsa ngozi. Mnzanga wa ku tchalitchi akandiuza kuti watumiza kakhumi popanda vuto, ndimamuyankha kuti inenso ndidatumiza kasanu ndi kamodzi.

Miyendo yanga siilolanso ulendo wa pa boma teremu iliyonse, kotero amene amapita ku positi ofesi tsopano ndi mwana wa mlongo wanga uja. Ndidamupempha ndekha, ndipo tsiku loyamba adazengereza asanalandire ndalamazo, kenaka adaziwerenga pamaso panga kawiri. Madzulo adabwera ndi lisiti lodindidwa, adaliika patebulo, ndipo adati, "Amalume, onani nambala ndi tsiku, ndipo dzina la sitolo ndalemba monga mudandiuzira." Ndidaliona, ndidaliika m'chitini, ndipo mabuku a ana a Fomu 4 adafika patatha masiku khumi ndi awiri.